Gitala la Mwana Wanga ndi Malata a Khitchini

Amayi anzanga, sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu mudabwe poiona pa tsamba lathu lino, pakuti ndi ya gitala la magetsi. Chonde musafulumire kutembenuza pepala poganiza kuti zimenezi n'za anyamata a m'tauni. Inenso ndinkaganiza chomwecho kufikira tsiku limene mwana wanga wamkazi adagwada pakhomo pa khitchini nandipempha chinthu chimenechi. Mawa adzagwada ndi wanu. Mwina iye adzapempha makina osokera, mwina kompyuta, koma ndalama yake idzamasulidwa pa nsonga ya chitenje chanu. Tsono ndati ndikuuzeni m'mene ine ndidapunthwira, kuti inu mukadzafika pa chitsa chomwecho mudzalambalale.

Ine kwathu ndi kufupi ndi pa Mponela, m'boma la Dowa. Sukulu ndidalekezera Sitandade 7, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikutsogolera gulu la amayi la m'dera lathu, limene limasoka, kulima mtedza ndi kusunga ndalama m'banki ya m'mudzi. Ana ndili nawo anayi, ndipo mwini nkhaniyi ndi wachiwiri. Iyeyu adayamba ali wamng'ono, asanadziwe ndi kusinja komwe. Mlongo wake adapanga gitala la chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, koma posakhalitsa adatopa nalo nalitaya kuseri kwa nkhokwe. Mtsikanayu adalitola. Pambuyo pake atsibweni ake adam'patsa gitala lakale la bokosi, ndipo pofika Folomu 3 anyamata a bandi ina ya kwathu kuno, imene imaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe, adayamba kudzam'pempha kuti aziimba nawo. Vuto lidali lakuti gitala la magetsi limene ankaimbalo lidali lobwereka, ndipo mwini wake ankatenga theka la ndalama iliyonse imene mwanayo walandira.

Atalemba mayeso a Folomu 4 m'chaka cha 2023, m'pamene adagwada. Adati, "Amayi, sindikupempha diresi kapena foni. Mundigulire gitala langa-langa, ndalama yake ndidzabweza." Abambo ake atamva adaika chipewa pabondo nati, "Amake mwana, mwana wamkazi ndi gitala? Mukufuna kuti atithere m'mabala?" Ine sindidayankhe, chifukwa mantha omwewo ndidali nawo mumtima. Tonse tidakula tikumvera pa wailesi nyimbo za a Daniel Kachamba a ku Chileka, za a Allan Namoko a ku Thyolo, ndi za a Paul Banda ndi Alleluya Band, imene idayamba ku Balaka mu 1978. Tinkazikonda ndi kuzivina, koma ogwira magitalawo adali amuna okha-okha.

Chimene chidanditembenuza mtima ndi kanema wina amene mwanayo adandionetsa pa foni ya mnzake. Ndidaona mayi wa msinkhu ngati wangawu, atavala chikhoti chachitali, akuimba gitala la magetsi pa siteshoni ya sitima. Mwanayo adandiuza kuti ameneyu ndi Sister Rosetta Tharpe wa ku America, woimba nyimbo zauzimu, amene adabadwa mu 1915 namwalira mu 1973, ndipo kanemayo adajambulidwa ku Manchester mu 1964. Amuna ambiri amene adatchuka pambuyo pake ndi nyimbo za rock adatola kaimbidwe kawo pomvera mayi ameneyu. Ndidaonera kawiri, ndipo ndidati mumtima: ngati mayi wolemekezeka chonchi adanyamula gitala osataya ulemu wake, ndiye kuti choipa sichili m'gitala. Nditawafotokozera abambo ake, adangoti, "Ndalama ndi zanu. Koma za malata a khitchini musadzandifunse ine."

Apatu ndiye pagona nkhani, amayi anzanga. Ndalama imene ndinkayembekeza pogawana m'banki yathu mwezi wa Disembala ndidaikonzera malata. Khitchini yanga ndi yofolera udzu, ndipo dzinja lililonse ndimavundula nsima mvula ikundidonthera pamsana. Zaka ziwiri ndidakhala ndikuuza anzanga kuti chaka chino ndifolera. Tsono mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndalama yathu ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja adayamba kukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Ndidagwidwa ndi phuma. Ndidati ndikazengereza, ndalamayi isungunukira m'manja. Choncho m'mawa mwake mwa tsiku logawana ndidakwera minibasi ya ku Lilongwe ndekha, osauza mwana, osafunsa munthu, pofuna kuti ndikam'dzidzimutse ndi mphatso.

M'sitolo yoyamba mitengo idandiumitsa pakamwa. Ndikutuluka, mnyamata wina adanditsatira nati, "Amayi, mukufuna gitala? Bwerani muone lapamwamba." Adanditengera pa kabenchi kena pamene padapachikidwa gitala lofiira psu, lonyezimira moti ndidadzionerapo nkhope, ndipo kumutu kwake kudalembedwa dzina lakuti Fender. Dzina limeneli ndidamumvapo mwana akulitchula mwaulemu. Mtengo wake sudafike ndi theka lomwe la mitengo ya m'sitolo muja. Nditapempha kuti alilize ndimve, adati magetsi azima. Ndidanenerera monga tichitira pa tomato, iye nandichotserako pang'ono, ndipo ndidabwerera kwathu ndikudzitama kuti ndine mayi wochenjera.

Mwana adalilandira ndi manja awiri, nagwada, nathokoza. Adalikunga, naliza pang'ono, nathokozanso. Ine sindidaone kanthu. Patapita masabata atatu, mayi wina wa m'gulu mwathu adandifunsa pa mjigo, "Kodi gitala mudagula lija lili kuti? Dzulo ku chinkhoswe mwana wanu amaimba lobwereka lija." Madzulo ake nditam'panikiza, mwanayo adagwetsa misozi. Adati, "Amayi, ndimaopa kukukhumudwitsani. Gitalali silimvana lokha. Ndikalikunga bwino kumtunda, kumunsi likusemphana." Adandionetsa zala zake zili zochekeka-chekeka m'mbali. Ndidabwerera ku Lilongwe, koma pa kabenchi paja ndidapeza munthu wina akugulitsa nsapato, ndipo adati mnyamatayo sakum'dziwa.

Manyazi amene adandigwira sindingathe kuwafotokoza. Ine amene ndimaphunzitsa anzanga kukoka nsalu ndi kuiunika padzuwa asanaigule, ndidagula chinthu cha ndalama zambiri chifukwa cha utoto ndi dzina. Akulu-akulu sadaname pamene adati chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Theka la ndalama ya malata lidapita motero. Theka lotsalalo ndidagulira mbuzi ziwiri kuti nalonso lisasungunuke. Abambo ake sadanditonze, koma kukhala chete kwawo kudandiwawa koposa mawu.

Pa msika wathu pali mkulu wina wokonza mawailesi ndi mafoni, amene pa unyamata wake ankaimba m'mabandi a m'mahotela ku Blantyre. Tidam'tengera gitala lija kuti mwina angalichize. Adalinyamula, naliyang'ana kuchokera kumutu monga mmisiri wa matabwa ayang'anira thabwa, napukusa mutu. Kenaka adati, "Mayi, inu ndinu osoka. Tepi muli nayo?" Ndidali nayo m'chikwama. Adandionetsa timizere ta chitsulo topingasa pa khosi la gitala, timene oimba amati mafureti, nati fureti ya nambala 12 iyenera kukhala pakati-kati pa nsambo. Pa gitala la mtundu wa Fender nsambo imatalika mamilimita 648 kuchokera kumutu kukafika pa kachitsulo kamene imatsamirapo kumimba, motero theka lake ndi 324. Tidayeza. Kumtunda kudakwana, koma kumunsi kudaperewera pafupi-fupi ndi sentimita yathunthu. Adati, "Ili ngakhale aliimbe katswiri, silidzamvana. Khosi lake n'lopotoka, ndipo dzinali n'longomata. Fender weni-weni mtengo wake ndi wa ng'ombe. Munthu akakugulitsani ng'ombe pa mtengo wa mbuzi, dziwani kuti ndi yakuba kapena ndi yodwala."

Kuyambira tsiku limenelo ndidasanduka mwana wa sukulu. Ndikapita kumsika ndinkam'tengera mkuluyu mandasi, iye n'kumandiphunzitsa uku akuwotcherera mawailesi ake. Zimene ndidatolapo ndi izi.

Poyamba adandilongosolera mtundu wa magitala monga munthu alongosolera mbumba. Adati kholo lalikulu ndi Leo Fender wa ku California, ndipo pomutchula ankadziguguda pachifuwa, chifukwa Fender naye adayamba ndi kukonza mawailesi, ndipo gitala sankalidziwa kuimba. Mu 1950 adatulutsa gitala la thabwa logwirana, lopanda mphako, limene kuyambira 1951 lidatchedwa Telecaster, ndipo mu 1954 adatulutsa Stratocaster, lija la nyanga ziwiri limene timaliona kawiri-kawiri m'manja mwa oimba. Kampani ya Gibson nayo idatulutsa Les Paul mu 1952. Magitala ambiri amene apachikidwa m'masitolo lero ndi ana ndi adzukulu a atatu amenewa.

Tsono makampani awiriwa adazindikira kuti si onse angathe kugula ng'ombe. Fender ali ndi dzina lina lakuti Squier, limene kuyambira 1982 amagulitsira magitala a maonekedwe omwewo pa mtengo wotsika. Gibson adagula kampani ya Epiphone mu 1957, ndipo Les Paul wa munthu wa ndalama zochepa amapezeka ndi dzina limenelo. Yamaha ya ku Japan, dzina lomwe lija timaliona pa njinga zamoto, idayamba magitala otchedwa Pacifica mu 1990, ndipo Pacifica 112, amene adatuluka mu 1993, ndi wotchuka m'maiko ambiri monga gitala lolimba la woyamba kumene. Palinso Ibanez ya ku Japan, imene magitala ake otsika mtengo amalembedwa GIO, ndi Cort ya ku South Korea. Ambiri mwa magitala amenewa amapangidwa ku Indonesia ndi ku China. Mkuluyo adati, "Kupangidwa ku China si mlandu, mayi. Mlandu ndi kuvala dzina la mwini. Gitala lolembedwa Squier likunena zoona za makolo ake. Lolembedwa Fender pa mtengo wa mbuzi layamba kukunamizani musanaligwire n'komwe."

Chachiwiri adandiphunzitsa za mapikapu. Nditamva liwu limeneli ndidayang'ana kumsewu poyesa akunena galimoto, mwana wanga naseka mpaka misozi. Pikapu ndi kachipangizo kamene kali pansi pa nsambo, pamimba pa gitala. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi. Nsambo ya chitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, mu wayamo mumabadwa kamphamvu ka magetsi, kamene kamayenda m'chingwe kukafika ku ampulifaya, ndipo kumeneko ndiko kamakuzidwa kukhala mawu. N'chifukwa chake nsambo za nayiloni sizilira pa gitala la magetsi. Mapikapu alipo a mitundu iwiri. Woonda, wa mkulungo umodzi, amatulutsa mawu akuthwa, onga amene timamva m'nyimbo za sungura za ku Zimbabwe ndi rumba ya ku Congo, koma amakokanso kaphokoso kong'ung'uza ka magetsi. Wonenepa, wa mikulungo iwiri, wotchedwa humbucker, amene Gibson adayamba kuika pa Les Paul mu 1957, amapha kaphokosoko, ndipo mawu ake ndi olemera. Stratocaster kawiri-kawiri amakhala ndi oonda atatu, Les Paul onenepa awiri, pamene Pacifica 112 ali ndi oonda awiri ndi wonenepa mmodzi. Kwa woimba m'maukwati, amene m'mawa aimba za kwaya, masana reggae, madzulo manganje, gitala lokhala ndi mitundu yonse iwiri lili ngati chitenje chimene mungavale ku ukwati ndi ku maliro komwe.

Chachitatu chidali cha kandodo ka chitsulo kamene magitala ena ali nako kumimba, kogwedezera mawu. Kosavuta, monga ka pa Squier ndi Pacifica, kalibe vuto, pakuti mukhoza kukachotsa n'kukasunga. Koma pali mtundu wina wotchedwa Floyd Rose, umene umamanga nsambo ndi timaloko kumutu ndi kumimba. Umenewu umafuna timasipanala take-take, kusintha nsambo kumadya nthawi, ndipo nsambo imodzi ikaduka zotsala zonse zimasokonezeka. Adati kwa mwana amene akukhala kutali ndi amisiri, umenewu ndi mtolo wongodzisenzetsa.

Chachinayi ndicho chimene ambiri timaiwala, kuti walira mvula walira matope. Gitala la magetsi palokha limangonong'ona. Pafunika ampulifaya, chingwe cholumikizira, lamba wokolekera paphewa, chikwama chake, ndi nsambo zapadera, pakuti nsambo zimaduka ndi kuchita dzimbiri. Mkuluyo adati pa ndalama zanu zonse, gawo limodzi mwa magawo atatu mulisiyire zimenezi. Ampulifaya yophunzirira m'nyumba ya mawati 10 mpaka 20 ndi yokwanira, chifukwa ku ukwati amalumikiza ku zokuzira mawu za bandi. Koma adandichenjeza kwambiri za katundu wakale wochokera kunja. Magetsi athu kuno ndi a mavolti 230, pamene a ku America ndi a 120. Ampulifaya yopangidwira magetsi a 120 okha, mukailumikiza pa khoma pathu popanda chotsitsira mphamvu, ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Muzitembenuza ndi kuwerenga zolembedwa kuseri kwake.

Mwezi wa Juni 2024, nditagulitsa mtedza ndi mbuzi zija, tidanyamuka atatu: ine, mwana, ndi mkulu uja. Ndidamlipirira minibasi, nkhomaliro, ndi ndalama ya tsiku limene adatseka benchi yake. Kunena zoona, pa ndalama zonse za nkhani imeneyi, imene ndidaigwiritsa bwino koposa ndi imeneyo. Tidayenda masitolo anayi, ndipo lamulo lathu lidali limodzi: pamene akana kulumikiza gitala ku magetsi, ife tituluka.

Pomaliza magitala adatsala atatu. Loyamba lidali Epiphone Les Paul. Mawu ake adali okoma, ndipo nsambo zake zidamveka zofewa pa zala, chifukwa pa mtundu umenewu zimatalika mamilimita 628 okha. Koma magitala a maonekedwe amenewa kawiri-kawiri amalemera makilogalamu 4 kapena kuposa, ndipo mwana wanga ndi wochepa thupi. Ataliika paphewa kwa kanthawi adayamba kupendekera mbali imodzi, ndipo ku ukwati amaimirira kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa. Lachiwiri lidali Squier Stratocaster latsopano, lopanda chilema. Mkuluyo adaliyamikira kwambiri, koma mtengo wake ukadatisiya opanda ya ampulifaya. Lachitatu lidali Yamaha Pacifica 112 logwiritsidwapo kale ntchito, lakuda, lokalika-kalika kumsana ndi chitsulo cha lamba wa mwini wake woyamba. Ine nditaliona ndidakwinya nkhope. Mtima wanga udali usanaphunzire bwino, unkafunabe chonyezimira.

Tsono mvetserani m'mene mkuluyo adaliyesera, pakuti apa ndi pamene mungatolepo kanthu. Adayamba ndi khosi, kuliyang'ana m'litali mwake. Adati liyenera kukhala lowongoka, kapena lopindikira m'tsogolo pang'ono chabe, koma osapotoka ngati chingwe. M'kati mwa khosi muli ndodo ya chitsulo yowongolera, ndipo atapempha chilolezo adaipotokola pang'ono ndi kasipanala naibwezera pomwe idali, kuti aone ngati ikuyenda. Adafufuza mng'alu kumutu ndi polumikizana khosi ndi mimba. Kenaka adapempha machesi, nalowetsa kamtengo kamodzi pakati pa nsambo ndi fureti ya nambala 12. Adati mpata woyenera ndi wa mamilimita 2 kapena kucheperako pang'ono. Nsambo zikakwera kwambiri zala zimawawa ndipo mwana amagwa ulesi, zikatsika kwambiri zimakhuza zitsulo n'kumachita phokoso. Adayendetsa chala m'mbali mwa khosi kuti amve ngati mafureti akucheka. Adamuuza mwana kuti alize nsambo zonse 6 pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumimba, iye atatchera khutu kuti amve pamene pafa mawu. Adaliza nsambo yosagwira, naliza yomweyo ataigwira pa fureti ya 12, nati mawu awiriwa ayenera kukhala amodzi, wina pansi wina pamwamba, monga mayi ndi mwana wake oimba nyimbo imodzi. Pomaliza adalumikiza ku ampulifaya, napotokola timabatani tonse, nayendetsa swichi m'malo ake onse asanu, nagwedeza chingwe polowera pake.

Adapeza zolakwika ziwiri. Kabatani kamodzi kankachita phokoso pokapotokola, ndipo nsambo zidali za dzimbiri. Ine ndidatola chikwama kuti tizipita, koma iye adamwetulira nandinong'oneza, "Mayi, ichi ndi chimfine chabe. Nsambo, timabatani, bowo la chingwe, ngakhale zokungira, zonsezi zimasinthidwa ndi ndalama yochepa. Chosachizika ndi khosi lopotoka, mng'alu, ndi mafureti okhomedwa pamalo polakwika." Zolakwika zomwezo adaneneranso mtengo, mwini sitolo natsitsa. Adafunanso kuti pa lisiti alembepo nambala ya gitalalo, imene imakhala kuseri kwa mutu wake, kuopa kuti tingagule lakuba. Mwana adaimba pafupi-fupi theka la ola, ndipo atayesanso, nsambo zidali zikumvanabe. Ndidam'funsa, "Mwana wanga, wakonda liti?" Iye adakumbatira lakudalo nati, "Amayi, ili likundimvera." Ndalama yotsala idakwanira ampulifaya yaing'ono, chingwe, chikwama ndi nsambo zatsopano.

Musanditenge ngati ndikuti aliyense akagule Pacifica. Tikadakhala ndi ndalama yoonjezera, Squier uja sakadatikhumudwitsa, ndipo mnyamata wamphamvu wokonda mawu olemera akadakondwa ndi Epiphone. Ngakhale magitala awiri a dzina limodzi safanana kweni-kweni, monga mapasa asiyana mtima. Chimene ndikunena n'chakuti phindu la ndalama yanu mudzaliona pa zaka zimene chinthucho chidzagwire ntchito popanda kukuliritsani. Gitala lofiira lija lidali lotchipa, koma lidandidyera malata osaimbako ndi ukwati umodzi womwe. Lakudali laimba nyengo za maukwati zingapo tsopano, ndipo chimene tasinthapo ndi nsambo ndi kabatani kaja basi. Mwiniwake amalipukuta ndi kansalu kouma akatha kuimba, salisiya padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo m'dzinja amalisunga m'chikwama chake kuopa chinyezi.

Mukufunsa za abambo ake? Mwezi wa Okutobala chaka chomwecho kudali ukwati wa mwana wa achimwene awo, ndipo bandi yoimba idali yomwe ija. Adaima kumbuyo, manja ali kumsana, kufikira nyimbo yomaliza. Kunyumba sadanene kanthu. M'mawa mwake ndidawamva akukhoma-khoma kuseri, ndipo nditasuzumira ndidapeza akupanga choimikira gitala cha matabwa. Adati, "Chinthu cha ndalama chisamagone pansi." Kuyambira pamenepo, kukakhala kuimba kofika madzulo, iwo ndiwo amapita ndi njinga kukam'tenga. Mantha awo aja sadathe, ndipo anganso sadathe, koma taona kuti mwana amene makolo ake akudziwa kumene ali, ndi amene ali naye, ndi nthawi yobwerera, ali pabwino kuposa woimba mobisa.

Nanga khitchini? Idakali ya udzu, amayi anzanga, ndipo dzinja lathali ndidavundulanso nsima mvula ikundidonthera. Koma mwana uja sadaiwale mawu ake. Popeza palibenso wom'dula theka, akalandira ndalama amasungako, ndipo ikakwana amabwera ndi lata limodzi atalimanga pa njinga ya abambo ake. Pofika lero malata ali 9 mwa 14 amene akufunika, ndipo ndawatsamiritsa kuseri kwa nyumba. Ndikamadutsa ndi ndowa ndimawawerenga, ngakhale ndikudziwa kale kuti ndi angati.

Tsono mwana wanu akadzagwada, musadzachite monga ndidachitira ine. Mphatso ya ndalama zambiri sagula modzidzimutsa, mwini wake apite nawo akaigwire ndi manja ake. Mufunefune munthu wodziwa, pakuti pa msika uliwonse alipo, ndipo mumlipire tsiku lake mosawinya. Musapereke ndalama chinthu chisanalire m'makutu mwanu, ngakhale akuuzeni kuti magetsi azima. Ndipo mitengo ikamakwera, phuma ndilo limatha ndalama msanga kuposa mitengoyo. Safunsa adadya phula, ndipo ine phulalo ndidalilawa.

Gitala lofiira lija sindidalitaye. Ndidalipachika m'chipinda chimene gulu lathu limasokeramo. Mwezi wathawu mayi wina adabwera mokondwa kudzatiuza kuti wapeza makina osokera pa mtengo wotsika kwambiri, koma wogulitsayo akukana kuti awayese. Ine ndisanatsegule pakamwa, mlembi wathu adaloza kukhoma, amayi onse naseka. Mayiyo adapitanso ndi kansalu ndi ulusi wake.